Musanagule DT Yakale, Werengani Chitsulo Chake

Pali mawu awiri amene amakweza mtengo wa njinga yamoto yakale mofulumira kuposa kugwa kwa kwacha. Oyamba ndi akuti "orijino", achiwiri ndi akuti "ya mpikisano". Wogulitsa akangowatchula, Yamaha DT yomwe yakalambira m'zitunda za Dowa itasenza matumba a feteleza imasanduka chuma chosowa. Wogula, amene nthawi zambiri ndi mnzathu wongomaliza kumene maphunziro, amapereka ndalama zake zoyamba osawerama n'komwe kuti aone zomwe zalembedwa pakhosi pa felemu. Mfundo yanga ndi imodzi. Njinga yakale imanena yokha mbiri yake, pa chitsulo ndi pa mapepala, ndipo ife amene taphunzitsidwa kufunsa umboni m'kalasi tisamasiye luso limeneli pa geti ya koleji.

Chifukwa chake DT ili ndi dzina kwathu

Amene tinakulira m'midzi ya Dowa ndi Ntchisi tinkaidziwa DT tisanaione. Kulira kwake kosongoka kunkayamba kumveka kutsidya kwa dambo, kenako fungo la utsi wabuluu, kenako alangizi a zaulimi, chikwama cha mapepala chili kumbuyo. Kwa zaka zambiri boma, mabungwe ndi makampani a fodya ankapatsa antchito awo oyendera midzi njinga za mtundu umenewu, monga Yamaha DT125, DT175, AG100 ndi Suzuki TF125. Sanazisankhe mwangozi. Aliyense amene anasiyapo tala pa Mponela kapena ku Dowa boma n'kulowa m'tinjira ta kumidzi mvula ya February itakwiya amadziwa kuti kuno kumafunika njinga yopepuka, yaitali miyendo, yomwe makaniko wa pansi pa mtengo angaimasule ndi masipanala ochepa.

Lero misika yadzaza ndi njinga zatsopano zochokera ku China ndi India, zomwe anyamata a kabaza akuthamanga nazo. DT zakale zatsala zochepa, koma dzina lake likadalipo, ndipo dzinalo ndi lomwe likugulitsidwa. Amene akugula ndi ife. Ndi mnzathu wochokera ku Bunda kapena ku NRC amene wapeza ntchito ya m'midzi koma wauzidwa kuti mayendedwe adzionere. Ndi mphunzitsi watsopano amene amutumiza ku sukulu ya kutali ndi msewu waukulu. Ndi uja wasowa ntchito zaka ziwiri, wabwereka ndalama ku banki mkhonde ya amayi ake kuti agule njinga yoti izimubweretsera kangachepe madzulo. Kwa anthu amenewa kugula njinga yabodza ndi ngongole yobweza zaka, ndipo nthawi zina ndi chitokosi cha apolisi.

Yambani ndi injini

Injini ya two-stroke imayatsa mafuta nthawi iliyonse pisitoni ikafika pamwamba, pomwe ya four-stroke imayatsa kamodzi pa maulendo awiri. N'chifukwa chake injini yaing'ono ya two-stroke imakoka mwaukali kuposa msinkhu wake. Ilibe mavavu a pamwamba ngati a four-stroke. Mafuta amalowa ndipo utsi umatuluka kudzera m'mabowo a m'mbali mwa silinda, omwe pisitoni imatsegula ndi kutseka ikamayenda. Oyilo wofewetsa pisitoni amapsera limodzi ndi petulo, ndipo ndi amene amapereka utsi wabuluu uja. Ndiye mukayang'ana pamutu pa injini mudzaona zipsepse zoziziritsa ndi pulagi basi, popanda chivindikiro cha mavavu. Paipi ya utsi imatupa pakati ngati njoka yomeza khoswe, kenako n'kuwondanso.

Kutupa kumeneku kuli ndi mbiri yake. Injiniya wa ku East Germany, Walter Kaaden, wa kampani ya MZ, ndi amene anakulitsa luso logwiritsa ntchito mafunde a utsi m'paipi kuti abwezere mu silinda mafuta omwe akanathawa osapsa. Mu 1959, nthawi yomwe Nyasaland inali mu chitaganya ndi Rhodesia, mnyamata wokulira ku Bulawayo, Gary Hocking, anapambana mipikisano ya Grand Prix atakwera MZ. Mu 1961 wokwera wina wa MZ, Ernst Degner, anathawa ku East Germany n'kukalowa ku Suzuki, ndipo chaka chotsatira Suzuki inatenga ukatswiri wa dziko lonse wa 50cc. Kuyambira pamenepo makampani a ku Japan sanabwererenso m'mbuyo. Kork Ballington wa ku South Africa anatenga maukatswiri a 250cc ndi 350cc mu 1978 ndi 1979 pa Kawasaki ya two-stroke. Ulamuliro wa injini zimenezi m'gulu lalikulu unatha ndi Valentino Rossi pa Honda NSR500 mu 2001, chifukwa mu 2002 malamulo analola injini zazikulu za four-stroke.

Ndanena zonsezi kuti tione kuti njinga zenizeni za mpikisano zilipodi, ndipo anthu osunga zakale ku Ulaya, Japan ndi South Africa amazilipira ndalama zambiri. Pomwe pali ndalama pamabweranso bodza. Ngakhale kumeneko anthu amaveka njinga ya mumsewu zovala za mpikisano n'kuigulitsa pa mtengo wa yeniyeni. Ife kuno tangotengera mawuwo, osatengera luso lotsimikizira.

Ana a nyumba imodzi, ntchito zosiyana

Yamaha inali ndi mabanja angapo a two-stroke, ndipo zilembo za dzina zimanena ntchito ya njingayo. DT, yomwe inayamba ndi DT-1 ya 250cc mu 1968, inapangidwa kuti iziyenda pa tala ndi m'fumbi momwe. Ili ndi nyali, kiyi, sipidomita ndi kathanki ka oyilo wa 2T kapaderadera, komwe pampu yotchedwa Autolube imatengako oyilo n'kumasakaniza yokha ndi petulo. AG100 inapangidwira alimi a ziweto a ku Australia ndi New Zealand, n'chifukwa chake tcheni chake n'chophimbidwa ndipo ili ndi malo onyamulira katundu. RD ndi yothamanga pa tala koma ya mumsewu wa anthu onse. YZ ndi ya mpikisano wa m'matope ndi m'mabampu. TZ, yomwe inatuluka mu 1973, ndi ya mpikisano wa pa tala.

Njinga yomwe inabadwira mpikisano imadziwika ndi zomwe ilibe. YZ inatuluka m'fakitale yopanda nyali, yopanda kiyi, yopanda sipidomita, ndipo oyilo amasakaniza ndi petulo m'chigubu asanathire m'thanki. TZ ili ndi radiyeta chifukwa imaziziritsidwa ndi madzi, ilibe kiki, ndipo imalizidwa poikankha. Njinga zotere sizinapangidwe kuti zikhale ndi nambala ya mumsewu, ndipo injini zake zimafuna kusinthidwa mapisitoni pafupipafupi. Munthu wofuna kuyendera alimi ku Nambuma kapena ku Malomo, njinga ya mpikisano ingamusaukitse mwezi umodzi usanathe.

Ndiye wina akakuonetsani njinga yopanda nyali n'kunena kuti ndi ya mpikisano, yang'anani ngati nyalizo sizinachite kuchotsedwa. Pa felemu ya DT pamatsala timabulaketi tomwe pankamangidwa nyali, mainjiketa, batire ndi kathanki ka oyilo. Ngati tinadulidwa, pamatsala zipsera za chopukusira pansi pa penti. Kumbali ya injini kumakhala malo a pampu ya Autolube, ngakhale pampuyo itachotsedwa n'kutsekapo. Zomata zolembedwa YZ zimagulidwa pa msika ndi ndalama ya chipisi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Manambala awiri

Umboni waukulu uli pa malo awiri: pakhosi pa felemu, pomwe mahandulo amazungulira, ndi pa chitsulo cha injini. Pukutani dothi ndi kansanza konyowa ndi palafini, unikani ndi tochi cham'mbali kuti mithunzi ioneke, ikani pepala pamwamba n'kukhwekhwereza pensulo kuti manambala atuluke. Pa Yamaha zambiri za m'ma 1970, nambala ya felemu ndi ya injini zinkafanana, ndipo zinkayamba ndi zilembo zosonyeza mtundu wa njingayo. Kuyambira cha m'ma 1981 makampani anayamba kugwiritsa ntchito nambala ya zilembo 17 pa felemu za njinga zopita ku misika yambiri. Pa nambala yotereyi zilembo zitatu zoyamba zimanena wopanga: JYA ndi Yamaha ya ku Japan, JS1 ndi Suzuki, JH2 ndi Honda. Zilembo I, O ndi Q sizigwiritsidwa ntchito pa nambala ya zilembo 17, poopa kusokoneza ndi 1 ndi 0. Mukazipeza, wina anadinda yekha.

Kadindidwe kake nakonso kamalankhula. Makina a fakitale amadinda zilembo za msinkhu umodzi, zakuya mofanana, pa mzere wowongoka. Dzanja la munthu wogwira hamala limadinda china mozama, china mopepuka, china chopendekeka. Pomwe nambala yakale inafafanizidwa chitsulo chimakhala chosalala mopitirira, kapena cholowa m'kati poyerekeza ndi m'mbali mwake. Ngati pakhosi pokha pali penti watsopano wokhuthala pomwe felemu yonse ndi yosuluka, funsani chifukwa chake. Ngati pali kuwotcherera kozungulira khosi lonse, mwina njingayo inachita ngozi, mwinanso khosi la njinga ya mapepala abwino analilumikiza ku thupi la njinga yakuba.

Zitsulo zina zimathandiza kutsimikiza. Pa silinda nthawi zambiri pamalembedwa kukula kwa injini. DT125 ndi 123cc, DT175 ndi 171cc, ndipo amakaniko amadziwa kusakaniza ziwirizi. Kabuleta ya fakitale pa Yamaha zimenezi inali ya Mikuni. Zipangizo zambiri zili ndi timanambala toumbidwa pa chitsulo tomwe timayamba ndi zilembo za mtundu wa njinga yomwe zinapangidwira. Foni yomwe mumaonera mpira ija ingakupezereni pa intaneti mabuku a zipangizo a njinga zimenezi, ndipo mungathe kuyerekeza muli pomwepo.

Amalume anga, amene akonza njinga zamoto moyo wawo wonse, safulumira kuliza injini munthu akawabweretsera njinga yoti aione. Amayamba aigwira ngati ili yotentha, chifukwa wogulitsa wochenjera amaitenthetseratu kuti ilire kamodzi. Kenako amakhala pansi, n'kumaiyang'ana ngati sing'anga. Iwo sanafike sekondale, koma kafufuzidwe kawo n'komwe aphunzitsi athu amatilembetsa m'mayeso: usakhulupirire gwero limodzi, yerekeza umboni wa apa ndi wa apo, ndipo samala kwambiri ndi umboni womwe ukukukondweretsa. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mapepala ndi anthu

Chitsulo chikanena zake, mapepala avomereze. Nambala ya felemu ndi ya injini zifanane ndi zomwe zili mu blue book, chilembo ndi chilembo. Dzina la mu blue book lifanane ndi la pa chiphaso cha unzika cha amene akugulitsa, ndipo ngati silikufanana pakhale makalata osonyeza momwe njingayo inadutsira m'manja mpaka kufika kwa iye. Njinga zambiri zakale za kuno zinali za boma kapena za mabungwe. Yomwe inali ndi nambala ya MG siingakhale ya munthu popanda chikalata chosonyeza kuti boma linaigulitsa, ndipo ya bungwe iyenera kukhala ndi kalata ya bungwelo. Yolowa kuchokera ku Mozambique kapena ku Zambia ikhale ndi mapepala a MRA. Kusintha umwini kumachitikira ku Road Traffic, ndipo wogulitsa woona sakana kupita nanu kumeneko kapena ku polisi kuti manambala akaonedwe musanamalize kulipira.

Ambiri timachita manyazi kufunsa, makamaka wogulitsa akakhala wamkulu kwa ife. Koma funso laulemu silinyoza munthu. "Bambo, pepani, njingayi munaigula kwa ndani, nanga ndi chaka chiti?" "Achimwene, amene amaikonza ndi ndani, tingakawaone?" Ku Dowa ndi ku Ntchisi njinga yakale imadziwika ngati ng'ombe ya m'khola la mfumu. Makaniko wa pa Madisi kapena pa Mponela angakuuzeni kuti injini iyi anaitsegula kangati ndipo felemu inathyokera pati. Mbiri ya pakamwa imeneyi ndi umboni, bola muimve kwa anthu oposa mmodzi. Safunsa anadya phula.

Ena amati mapepala ndi nkhani ya m'tauni, kumudzi njinga imangoyenda. Ndi zoona kuti njinga zambiri zikuyenda zopanda nambala. Koma tonse tamvapo za anyamata a kabaza amene avulazidwa kapena kuphedwa kumene chifukwa cha njinga zawo. Njinga zimenezo sizisungunuka. Zimaphwasulidwa, injini kwina, felemu kwina, ndipo zimagulidwa ndi anthu ofuna zotchipa osafunsa mafunso. Kulandira katundu wakuba ndi mlandu m'malamulo athu, ndipo digiri siikhala mboni ku khoti. Koposa mlanduwo, wogula mosafunsa ndi amene amasunga msika womwe ukupha anzathu.

Khasu la agogo

Pali mfundo yotsutsa yomwe ndimailemekeza. Munthu angafunse kuti, kodi m'dziko lomwe zipangizo zimasowa, "orijino" n'chiyani? Khasu la agogo lasinthidwa mpini kasanu, chitsulo kawiri, koma banja lonse limalitchabe khasu la agogo. DT iliyonse yomwe ikuyendabe kuno ili ndi pisitoni ya kwina, kabuleta ya kwina, shoko ya njinga ina, ndipo mpando unasokedwa ndi telala wa pa msika. Kodi tizinyoza luso limeneli chifukwa anthu olemera a kunja amafuna manambala ofanana?

Ayi, tisalinyoze. Yamaha yeniyeniyo inayamba ndi kutengera. Njinga yake yoyamba, YA-1 ya 1955, inatengera DKW RT 125 ya ku Germany, yomwenso BSA ya ku Britain ndi Harley-Davidson ya ku America anatengera nkhondo yachiwiri itatha. Ndipo Jon Ekerold wa ku South Africa anatenga ukatswiri wa dziko lonse wa 350cc mu 1980 pa njinga yosakaniza: injini ya Yamaha TZ350 mu felemu ya Bimota ya ku Italy. Palibe amene amati njinga imeneyo inali yabodza, chifukwa aliyense ankadziwa kuti ndi chiyani. Vuto si kusakaniza. Vuto ndi kubisa. Njinga ya felemu ya DT125 ndi silinda ya DT175, yomwe mwini wake akunena poyera ndipo mapepala akugwirizana, ndi njinga yoona, ndipo mwina ingakutumikireni bwino kuposa yomwe sinakhudzidwepo. Njinga yomweyo ikamatidwa zomata n'kutchedwa ya mpikisano, yasanduka msampha.

Mfundo ina yotsutsa ndi yakuti injini za two-stroke zimamwa mafuta, zimafuka utsi, ndipo nthawi yake inatha. Pamenepa sindilimbana nazo kwambiri. Mafuta ena amathawadi osapsa, ndipo ndi malamulo a utsi amene anazichotsa m'misika ya mayiko ambiri. Pa mizere ya petulo yomwe takhala tikuima, wa kabaza amene amawerengera lita iliyonse ali ndi chifukwa chosankhira four-stroke. Koma zimenezi zikungolimbitsa mfundo yanga. Ngati mukulipira ndalama zoonjezera pa njinga yomwa mafuta chifukwa cha dzina ndi mbiri yake, ndiye onetsetsani kuti dzinalo ndi mbiriyo ndi zoona, popeza ndi zomwe mukugula.

Mbiri yomwe tikugulitsa pa sikelo

Chomwe chimandiwawa n'chakuti pothamangira mbiri yabodza ya mpikisano, tikutaya mbiri yeniyeni yomwe njingazi zili nayo. DT ya ku Dowa sinathamangepo pa Daytona, koma inanyamula alangizi amene anaphunzitsa makolo athu kathiridwe ka feteleza ndi kasankhidwe ka fodya wopita ku okushoni ku Kanengo. Inanyamula katemera, mapepala a mayeso, abusa ndi amayi oyembekezera. Imeneyi ndi mbiri ya momwe boma ndi mabungwe ankafikira kumudzi, ndipo sinalembedwe mokwanira. Ku Chichiri Museum ku Blantyre kuli injini ya sitima ndi magalimoto akale omwe ana a sukulu amakaona. Njinga ya alangizi nayo ikuyenera malo otere, koma zambiri zikuthera kwa ogula zitsulo zakutha, amene amaziyeza pa sikelo ngati mtedza.

Ntchito imeneyi siifuna thandizo la kunja. Wophunzira mbiri ku Zomba amene akusowa mutu wa kafukufuku angathe kukhala ndi alangizi opuma pantchito ndi amakaniko achikulire, n'kulemba zomwe akukumbukira iwo akadali moyo. Wophunzira uinjiniya ku MUBAS kapena umakaniko ku Lilongwe Technical College angathe kujambula ndi kulemba manambala a njinga zomwe zatsala m'boma limodzi. Ndipo aliyense wa ife amene ali ndi njinga, yakale kapena yatsopano, agule kope la masamba ochepa. Alembemo manambala onse awiri, tsiku logula, amene anagulitsa, ndi chilichonse chomwe chasinthidwa. Tsiku logulitsa, kopelo lipite ndi njinga. Wogula wa mawa sadzafunika kukhulupirira pakamwa pa munthu.

Ngati mwezi uno mukukaona DT yomwe mwaipeza pa Facebook kapena yomwe mnzanu wakuuzani, tengani tochi, kansanza, pensulo, pepala ndi makaniko amene si mnzake wa wogulitsa. Pitani m'mawa injini isanalizidwe. Lipirani pokhapokha chitsulo, mapepala ndi anthu zanena chinthu chimodzi. Zikasemphana, thokozani mwaulemu n'kubwerera ndi ndalama zanu m'thumba.